Puloti Yanga Ili pa Chisumbu

Lolemba

Sukulu zatseka. Sabata ino ndikukumba maziko, zivute zitani. Disembala ndikupuma ntchito, ndipo mphunzitsi amene adzalowe m'nyumba ya sukulu tikukhalayi wabwela kale kawili kudzayeza mawindo kuti asoketse makatani. Munthu waulemu ndithu, amayamba wagogoda.

Puloti ndili nayo chaka chachinayi tsopano, kumunsi kwa boma, pafupi ndi mtsinje. Mphepo yabwino, mkuyu waukulu pakati.

Zokonzeka:
— pulani ya nyumba, yojambula ndekha kuseli kwa kalenda: zipinda zitatu, pabalaza, khonde
— piki, fosholo, zikhomo, chingwe
— njelwa zowotcha, zili kwa mlamu wanga ku Mwase Lundazi, ngolo ibweletsa Loweluka
— mmisili, a Zimba

A Zimba akuyendayenda papulotipo manja kumbuyo, kwinaku akuponda nthaka ndi chidendene. Sakuyankhula zambili. Funso lao ndi limodzi: "Pepala la chilolezo lilipo, aphunzitsi?" Ndikuwauza kuti pepala ndi nkhani ya mawa m'mawa. Akazi anga, amake Tisa, asankha kale pokhala khitchini. Aimililapo nkumatsegula windo losaoneka.

Lachiwili

Kuofesi ya mapulani. Ndavala tayi.

Wokhala patebulo ndi Wezi, amene ndinamuphunzitsa giledi seveni, ankakhala kumbuyo nkumadya nzimbe. Lelo pachitseko palembedwa Mayi Mtonga. Ndikusowa chomutchula, ndikungoti "amayi". Iye akuimilila, akundilandila ndi manja awili. Mtima pansi, zatheka basi!

Sizinatheke. Akundifotokozela mwaulemu kuti malo a m'mbali mwa madzi ali ndi lamulo lake masiku ano. Nyumba zachuluka kumeneko, zimbudzi zikuipitsa mtsinje, mvula ikakula anthu amasamukila m'makalasi. Choncho zilolezo amapeleka zochepa pachaka, otsalawo amadikila pamndandanda. Komanso nyumba siyenela kuyandikila madzi kupitilila mlingo woikika.

Akutambasula mapu. Puloti yanga ili mkati mwa mzele wabuluu wozungulila.

"Apa ndi pachisumbu, aphunzitsi."

Chisumbu ku Lundazi! Zaka makumi atatu ndakhala ndikuuza ana kuti chisumbu ndi malo ozungulilidwa ndi madzi. Dzulo ndinafikako panjinga, fumbi mpaka m'mphuno. Ndikumuuza zimenezo ndi mau a m'kalasi. Akuti abwela mawa ndi tepi.

Lachitatu

Wezi wabwela, wavala magambuti. Ine ndikuseka chamumtima, magambuti mu Ogasiti.

Tikuyeza kuchokela kumtsinje. Ine ndagwila nsonga ya tepi, iye akuwelenga. Chikhomo chikukhomedwa kupitilila mkuyu. Zipinda ziwili zapita, koma ndikupilila, mbali inayo malo alipo.

Kenako akutembenukila kukhwawa louma lija timadutsa pobwela, lomela nsenjele. Akuti limenelonso ndi mtsinje, nthambi yake, limangopuma chilimwe. Tikuyezanso kuchokela uko. Chikhomo chachiwili chikukhomedwa pafupi ndi chinzake, ngati zikufuna kupatsana moni.

Pakati pa zikhomo ziwilizo ndiye pololedwa kumanga, dzina langa likadzafika pamndandanda. Ndapima ndi nsapato: mapazi asanu ndi awili m'lifupi. M'litali mokha ndiye ndapata, kuyambila kumpanda wa dimba la eni ake mpaka kuchulu.

A Zimba akhala pachitsa, akusenda mbatata yootcha. Sakudabwa ngakhale pang'ono. Wezi potsazika akuti masamu a tepi ndinamuphunzitsa ndine. Ndikuyankha kuti zikomo.

Lachinayi

Sindigonja msanga ine. Kalenda ili ndi miyezi yambili, ndang'amba tsamba lina. Pulani yatsopano: nyumba yopyapyala, yaitali, zipinda zondondozana.

Zolowa:
— bedi, koma m'litali, wina azigona kumiyendo kwa mnzake
— mipando, pamzele umodzi
— njinga

Zosalowa:
— kabati ya mbale ya amake Tisa
— tebulo
— amake Tisa, atelo okha

A Zimba akuitembenuza pulaniyo uku ndi uku. "Iyi ndi basi yopanda mateyala," akutelo, nkufunsa ngati kondakitala azikhala ndi chipinda chake. Amake Tisa akuti mlendo akalowa kumaso, mmodzi wa ife azitulukila kuseli kuti malo apezeke. Mwana wathu Tisa ndamutumizila chithunzi cha pulaniyo pafoni ku Lusaka kumene amagwila ntchito. Wayankha ndi tinkhope toseka tokhatokha, mpaka pansi.

Komabe ndapita nayo kuofesi. Wezi waiyang'ana nthawi yaitali, milomo ataluma. Akuti chimbudzi chikhala pati? Ndaiwala chimbudzi.

Lachisanu

Ndili papuloti ndekha, kufunafuna pokumba chimbudzi. Palibe. Paliponse ndi pafupi ndi madzi amene sindikuwaona.

Mwini dimba la pafupi, a Gondwe, akuthilila tomato. Timangopatsana moni wa patali zaka zonsezi, "monile, monile", basi. Lelo akuika keni pansi, akundikodola, akunditengela patsinde pa mkuyu wanga. Akuloza m'mwamba. Panthambi, pamwamba pa mutu wanga, pakodwa udzu wouma, mapesi a chimanga, ndi patapata mmodzi wofiila.

"Maji ghakufika apo, ŵasambizgi."

M'Chitumbuka chao akuti madzi amafika pamenepo. Akuti Febuluwale iwo amabwela kudzaona dimba lao ataimilila kuchulu, chifukwa chulu chokha ndicho chimatsala poyela. Ndikufunsa chifukwa chake sanandiuze kale. Akuti sindinafunse, komanso munthu wovala tayi ankaganiza kuti akudziwa chimene akuchita.

Ndikukumbuka tsopano. Wondigulitsa uja anandionetsa malowa mu Okutobala, ndipo anaumilila kuti tipite masana dzuwa lili pamutu. Ine nyengo ya mvula sindinapondeko, ndinkaopa matope panjinga.

Kunyumba ndikufotokoza za patapata. Amake Tisa aseka mpaka kukhala pansi. Kenako akuti tikanamanga, mwina chopezeka mumtengomo chikanakhala chathu.

Loweluka

Ndaiwala kuimbila mlamu kuti njelwa zisabwele!

Zafika cha m'ma teni, ngolo yodzaza, ng'ombe ziwili, mlamu ali pamwamba ngati mkwati. Pakhwawa louma lija mateyala akumila. Pansi pa mchenga pali matope akuda, onyowa bwinobwino. Ng'ombe imodzi yagona pomwepo, ikubzikula.

Tikutsitsa njelwa: ine, mlamu, a Zimba, a Gondwe, ndi azimayi awili amene amapita kumsika wa Lundazi ndi madengu a ndiwo za lepu. Zina tikuziika pansi pa mateyala. Zikumila nazo. Ndiye kuti maziko ndayala ndithu sabata ino, koma a ngolo.

Ngolo yatuluka dzuwa litapendeka. Takwezanso njelwa zotsala, zibwelele kumene zachokela. Mlamu akupukuta thukuta, akuyang'ana zikhomo zanga ziwili zija, akufunsa ngati ndi manda a njoka. Kenako akuti kuseli kwa nyumba yake ku Mwase kuli malo a mlongo wake, amake Tisa, okwela, ouma, akungomela chisoso. Ndikuti ndiganiza kaye. Amake Tisa, amene abwela kudzaonelela, athokoza kale kuti yewo chomene.

Msana ukuwawa. Tayi ndamangila bondo.

Lamulungu

Kuchalichi ndakhala kumbuyo, kugwada kwandikanika.

Masana tapitanso kuchisumbu. Dzina langa likhalebe pamndandanda, silidya kanthu. Koma Wezi ananena kuti dimba silifuna chilolezo, ndipo a Gondwe akuti nthaka yanga ndi yonona kuposa yao, madzi amaisiyila manyowa chaka ndi chaka. Amake Tisa ayamba kale kupima mabedi ndi mapazi: apa lepu, apa anyezi, uko tomato. Tizikolola mvula isanakule, kenako tizibweza malowo kwa mwini wake, mtsinje.

Nyumba tikamanga ku Mwase. A Zimba avomela, akuti kumeneko nthaka ikapondedwa imayankha.

Ndiye zathela pamenepa. Ndinachoka ku Chipata ndili mnyamata, ndinakwatila mwana wa ku Mwase, zaka zonsezi ndakhala m'nyumba za sukulu osalimako munda wa apongozi ngakhale mzele umodzi. Chikamwini chandidikila mpaka imvi. Mlamu watumiza kale uthenga kuti khasu langa alikhomela mpini waufupi, poganizila msinkhu.