Nkhondo ya Kiyi wa Chimbudzi cha Pamsika

M'chaka chimene boma linakumbukira kuti anthu akumudzi nawonso amadya, ndipo kuti akadya pamakhala zotsatira zake, pamsika panamangidwa chimbudzi cha njerwa zowotcha, cha malata onyezimira, chokhala ndi mpopi wosambira m'manja pambali. Tcherani khutu, inu mibadwo ya m'tsogolo, pakuti chimbudzicho chinakhala chokhoma miyezi isanu ndi iwiri kudikira akuluakulu adzadule riboni, anthu akupitabe kutchire monga ankachitira makolo awo.

Kiyi ankasunga ndi mayi wogulitsa tomato, wapampando wa komiti ya pamsikapo, ndipo ankamumangirira m'chiuno. Mlamu wawo anali telala wa pakhonde la golosale, Mkango wa Makina Opalasa, Mgonjetsi wa Mazipi, amene sanathawepo buluku la munthu, ngakhale long'ambika chotani.

Lachiwiri lina masana, m'mimba mwa a Telala munalira ng'oma zankhondo: nsomba za dzulo lake zinali zitawaukira. Pokhala katswiri wa miyeso, anayeza ndi maso mtunda wopita kutchire, napeza kuti sakafika. Anadzuka pang'onopang'ono, mawondo ataphatikizana, nayenda ulendo woopsa wa mapazi makumi atatu kukaima pamaso pa mdani.

"Alamu!" anafuula, dzanja lina kumwamba, lina pamimba. "M'dzina la msonkho umene ndimadula pamsika pano, ndipatseni kiyi!"

Wapampando anapitiriza kuunjika tomato. "Alamu, ine ndinalumbira pamaso pa komiti. Akuluakulu akadzapeza munalowa kale munthu, adzatsegulira chiyani? Mukufuna tidzachite manyazi?"

"Manyaziwo ali kale panjira, alamu, ndipo akubwera chothamanga!"

Pamenepo msika unagawika pawiri. Ometa tsitsi ndi okonza njinga anaima kumbuyo kwa a Telala, koma chapatali ndithu. Ogulitsa masamba anazinga chitseko, malichero ali m'manja ngati zishango. A Telala anachita mantha enieni, pakuti ulemu wa zaka makumi awiri, umene ngakhale ana a sukulu ankawapatsa, unali kulendewera pa kaulusi kamodzi.

Ndiye anatulukira mlembi wa komiti, munthu wokonda mtendere ndi ndondomeko. "Abale, tisaphane. Tichitsegulire tokha mwalamulo, a Telala akhale mlendo wolemekezeka."

Wapampando anavomera, bola mwambo uyende wonse, osadumpha kanthu. Pakhomo anamangapo chingwe choyanikira zovala, ndipo ngwazi yathu anaiimika kutsogolo, thukuta lili kamukamu.

Wopemphera anayambira pa kulengedwa kwa dziko. Mlembi anatchula mmodzimmodzi onse amene anatuta mchenga, ndi omwe anangolonjeza. Kenako wapampando anathokoza boma, anathokoza amisiri, anathokozanso dalaivala wa lole ya simenti pamodzi ndi banja lake. Atanena kuti "pomaliza" kachitatu, nkhope ya a Telala inasintha. Makwinya anachoka, mawondo analekana, maso anayang'ana kutali, kumapiri.

Chingwe chinadulidwa, anthu akuwomba m'manja.

"Nayu kiyi, alamu," anatero wapampando monyadira. "Lowani, mukhale woyamba m'mbiri!"

"Musavutike, alamu," anayankha a Telala ndi mawu otsika. "Nkhondo yatha. Mungondibwereka nsalu yanuyo."

Chisangalalo cha tsiku limenelo sichinaonekepo chiyambire. Magulu onse awiri anagwirana chanza, chifukwa palibe amene anagonja: a Telala anapatsidwa kiyi monga anafunira, ndipo chimbudzi cha boma chinapulumuka chosadetsedwa. Wapampando anachikhomanso bwinobwino kuti akuluakulu adzachipeze chatsopano.

Ndipo Mkango wa Makina Opalasa unabwerera kwawo chafutambuyo, utakulunga nsalu ya maluwa m'chiuno, asilikali ake okhulupirika akuuperekeza ndi nyimbo, onse ali mbali imene mphepo inkachokera.