Tsiku limene ndinachirikiza thanki ndi mphanda

Ine ndimadana ndi anthu okokomeza nkhani. Pa esiteti yathu ya fodya kufupi ndi Chamama, munthu akandiuza kuti kwagwa mvula yoopsa ndimamufunsa kuti, "Mamilimita angati?" N'chifukwa chake manyazi awa ndiwanena ndekha, ena asanawathire mchere.

Eni esiteti anaimika thanki yachitsulo, yowonda, yaitali kuposa bulugamu, yosunga madzi opanikizidwa ndi mpweya othirira nazale. Kuno n'kuchidikha, mwera ukabwera palibe phiri louletsa. Choncho kunabwera injiniya, Mayi Nyirenda, kudzaona ngati mphepo singaiweramitse kupitirira malire.

Anasiya laputopu yotsegula patebulo langa n'kupita kudambo kukaona pampu. Ine kalaliki, munthu wowerenga mabuku, ndinasuzumira.

Mayo ine! Pachithunzi thanki yathu inali itapindika ngati nthochi, mutu uli psuu, ikuweramira kumene kuli nyumba ya a Makwinja, tenanti wochokera ku Mulanje.

Ndinatuluka ndi liwiro. "A Makwinja, tulutsani ana ndi katundu! Kapitawo, anthu asiye kusankha fodya, abwere ndi mphanda!"

"Mphanda zachiyani, akalaliki?"

"Chigafa chikapendekeka mumatani? Chirikizani!"

Mitengo yodula panalibe, ndiye anazula mphanda zochirikiza chigafa chathu chachikulu choyanikamo fodya. Amuna anaunjikana n'kumakankha chitsulo ndi timitengo tongofika m'mawondo mwa thankiyo. Mayi Makwinja anakakhala pamtolo wa mabulangete pansi pa mango, nkhuku ili m'khwapa.

Injiniya anatipeza tili thukuta kamukamu.

"Bambo Chirwa, mukulimbana ndi ndani?"

Ndinakatenga laputopu ija n'kuwalozera chithunzi chija mwaukali. Anaseka mpaka anakhala pansi.

"Pulogalamuyi imakulitsa dala kupindikako kuti diso lione kumene thanki ingaweramire. Nambala ili pansiyi simunaione? Mphepo ikalipe bwanji, pamwamba pamasuntha posakwana chikhatho changa. Malire amene ndinaika, thankiyi sinawayandikire n'komwe."

"Ndiye ijambuliranji bodza?" ndinakalipa. "Makina opangidwa ndi anthu asukulu, okokomeza ngati chidakwa chofotokoza ndewu! Ndani anawalola?"

Mpaka lero ndimati funso langa linali labwino. Koma ndisanayankhidwe, mwera unafika. Thanki inangoima chilili ngati sikumva kanthu. Kumbuyo kwathu kunamveka phofo! Chigafa chimene tinachilanda mphanda chinagona pansi, ndi fodya yemwe.

Kenako a Makwinja anavula chipewa, nabwera pafupi mwaulemu wonse.

"Akalaliki, chigafa chija chapendekeka pang'ono. Tikakuyezereni mamilimita?"

Ukamadana ndi okokomeza, uziwerenga kaye nambala ili pansi pa chithunzi.