Tsiku Limene Ndinachiritsa Dziko Lonse Kupatula Apongozi

Mpaka lero ndikamadutsa pachipatala chija ndimayang'ana kumbali. Ndikuuzani chifukwa chake, koma musakandifunse pamsika.

Inali nthawi ya kampeni. Apongozi anga aakazi anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzaona khanda kuno ku Monkey Bay kumene ndimaphunzitsa, ndipo dzino linawagwira mpaka tsaya kutupa. Ozula mano amabwera Lachinayi lokha, ndipo amaona okhawo amene timabuku tawo takuchipatala taunjikidwa patebulo la kalaliki m'mawa.

"Mukangofika, kabuku aka mukakaike pamulu," anatero mayi akunyumba, n'kundilowetsera okha m'thumba la malaya.

Tsono kwathu mkamwini sakhala pafupi ndi apongozi, ngakhale kuyang'anana m'maso ayi. Iwo anakakhala pakhonde ndi amayi anzawo, ine n'kulunjika kutebulo. (Ndikulumbira, ndinalunjika kutebulo ndithu.) Koma pansi pa mlambe panali azibambo atazungulira wailesi, ikubwereza mtsutso wa ofuna upulezidenti. Mmodzi ankalonjeza kuti boma lizidzalipirira wodwala aliyense pachipatala chilichonse, kaya chamishoni kaya chapulaiveti, munthu kungoonetsa khadi basi. Mnzake ankafunsa kuti ndalama zake zichokera kuti.

"Walayi, ameneyu akutinamiza," anatero Che Jafali, msodzi wa ku Chembe amene mbedza inamulasa chala. "Msonkho wake adzaudula pa usipa wanga womwewu."

Aa, mphunzitsi wathunthu ngati ine kudutsa nkhani yotere? Ndinati ndingoponyapo liwu limodzi.

Ndinayamba kuwafotokozera dziko limene likubweralo, ndipo pofotokozapo ndinayamba kuliona ndi maso anga. Chipatala choyera mbee, mafani akuzungulira pang'onopang'ono, mankhwala atadzaza mpaka kudenga. Boti la ambulansi likuchoka ku Chembe mwakachetechete, mayi woyembekezera atagona pamatiresi m'malo modumphitsidwa panjinga yamoto. Palibenso wogulitsa ukonde kuti mwana aonedwe. Namwino akukufunsa ngati wamwa kale tiyi. Kunkatentha kwa ku Mangochi komwe mukukudziwa kuja, koma ine ndinkamva kamphepo kayaziyazi m'khosi.

"Khadi yakeyo idzakhala yotani, aphunzitsi?" anafunsa Che Jafali.

"Yaing'ono chabe, ngati aka!" Ndinasolola kabuku m'thumba n'kukakweza m'mwamba. Ndinalozera nako, ndinadzikupiza nako, ndinamenya nako pabondo potsindika mfundo. Mutu wangawu sunandinong'oneze kanthu.

Nthawi yonseyi kalaliki ankaitana mayina. Apongozi ankandiona bwinobwino ali pakhonde, kabuku kawo kakuvina m'mwamba, koma akanamuitana bwanji mkamwini pakati pa azibambo? Anangogwira tsaya n'kuzyolika.

Che Jafali anaitanidwa, anakamangidwa chala, n'kubwerera ine ndikugawabe maambulansi m'maboma onse.

"Koma aphunzitsi, inuyo mwabwera ndi ndani? Kabuku mukuvinitsako n'ka ndani?"

Mayo ine! Ndinathamanga ngati mwana wasukulu wochedwa, koma patebulo panali mbee.

"Ozula mano anyamuka, bambo," anatero kalaliki. "Mubwere Lachinayi linalo. Mwachedwa kuchokera kuti?"

"Apo," ndinayankha, ndikuloza mlambe.

Pobwerera apongozi anali patsogolo, ine m'mbuyo patali kuposa mmene mwambo umafunira. Zimene ananena mayi akunyumba sindingazilembe pano. Kwa apulaiveti kuboma sitikanatha, mwezi unali pakati. (Mwaona? Ndi zomwe ndinkanena pamlambe paja. Ndinayesa kuwakumbutsa mayi akunyumba mfundo imeneyi, anangondiyang'ana kamodzi, ndinaimeza.)

Sabata yathunthu apongozi ankangomwa phala, kutafuna kosatheka, akubuula chapansipansi kuti ndisamve. Sanandidzudzule ngakhale kamodzi, ndipo chimenecho ndicho chinandiwawa kwambiri. Ndinachita manyazi osaneneka.

Lachinayi linalo ndinadzuka m'mamawa, nsapato nditapolisha, wokonzeka kukonza mbiri yanga. Ndinapeza apongozi atamanga kale kabuku kawo pansonga ya chitenje, mfundo ziwiri. Anatembenukira kwa mwana wawo n'kulankhula mofatsa, koma mokweza pang'ono kuti mawu andipeze:

"Auzeni bambo a mwana asavutike kundiperekeza. Ali ndi odwala ambiri."

Khadi ija ndimailotabe, sindinama. Kungoti masiku ano ndisanatsegule pakamwa ndimayamba ndasisita m'thumba.