Chitenje cha pa Kompyuta ya Swaibu

Malemu Swaibu ndi munthu yekhayo amene ndinamuona akufunditsa kompyuta chitenje. Chitenje chabwinobwino, cha mkazi wake.

Chinali chaka cha njala ija, 2002. Kabungwe kena kanatsegula ofesi pa boma pano, kulemba mayina a olandira chimanga. Akuti mayinawo ankayenda pa waya wa foni kukasungidwa ku Lilongwe. Kalaliki wake anali Swaibuyo. Makina akangokana, iye ankawafunditsa, n'kutembenuka akumwetulira.

Tsiku loyamba ndinadzidzimuka. "Swaibu, chamwalira?"

"Ayi mayi, changobanika. Wodwala sitimuonetsa pagulu. Khalani pampando apa."

"Nanga dzina langa?"

"Lili m'manja mwanga. Mubwere Lachinayi."

Analilemba m'kope. Kunyumba ndinali nditasiya adzukulu anayi akudya nyika zokumba m'dambo.

Lachinayi ndinapeza chitenje chili pompo. A Stefano, mphunzitsi wopuma, anatopa nazo, n'kuvundukula. Zilembo zachizungu mbwee. Anawerenga mokweza: mayina onse afufutika. A ku Chia, a kwa Malengachanzi, onse.

Tonse pamzere tinatembenukira kwa Swaibu.

"Aphunzitsi, zimenezo chimalembera ine, osati inu," anatero Swaibu, akubwezera chitenje. "Zanu ndi izi: chimanga Loweruka."

"Bodza," ndinamuuza pamaso. "Ukutinyengerera ngati makanda. Adzukulu anga adya kumwetulira kwakoko?"

Anatsegula kabati n'kutulutsa makope asanu ndi awiri. Dzina lililonse lomwe ankalowetsa m'makina, ankalilembanso pamanja. Kani munthuyu makina aja sankawakhulupirira ngakhale pang'ono, ankangowasungira ulemu.

Anaimbira a ku Lilongwe kuseri, ife osamva. Kenako masiku awiri akugogoda makina kubwezeretsa mayina ndi zala ziwiri ngati nkhuku ikutola mpunga, kudzuka pokaswali pokha. Loweruka ndinasenza thumba langa. Ndinapita kukapepesa, iye n'kundifunsa ngati ndili ndi chitenje china, poti mkazi wake akufuna chake.

Tinamuika chaka chatha. Dzana ndinapita ku ofesi ija, ndinapeza kalaliki watsopano, wa tayi. Makina atakana, anangowatembenuzira kwa ine.

"Zavuta, agogo. Werengani nokha."

Ine sukulu ndinalekera sitandade wani. Ndinaima pamenepo, makina ali maliseche, mpando uli pakona, popanda wondiuza tsiku loti ndibwerenso.