Amuna Makumi Anayi, Jekete Limodzi

Anzanga digiri yachiwiri anaimaliza m'zaka ziwiri, ine zitatu. Anthu akandifunsa chifukwa chake ndimanamizira chisanu cha ku Mangalande, ati chinkandidwalitsa. Ndi bodza limenelo, ndipo lero ndatopa nalo.

Inali nthawi ya chipani chimodzi. Kafukufuku wanga anali wophunzitsa kompyuta kuzindikira nkhope: uionetse zithunzi za munthu, uiuze dzina lake, kenako uionetse chithunzi china, iyo itchule yokha kuti uyu ndi uje. Pofuna kutchuka, ndinalonjeza aphunzitsi anga nkhope zenizeni za kwathu ku Ngokwe. Patchuthi ndinafika kumudzi ndi kamera ndi mafilimu asanu, mapewa ali m'mwamba.

Masiku amenewo kamera sunkangoitulutsa. Ndinayamba ndakapempha chilolezo kwa tcheyamani wa chipani, amene anali amalume anga, Che Bwanali, mlimi wa thonje. Anaona kaye khadi langa la chipani (mwana wa mlongo wawo, koma khadi ndi khadi), kenako anati, "Ndiye nkhope zathuzi akazione azungu?"

"Makina, amalume."

"Nanga makinawo ndi a ndani?"

Komabe chilolezo anandipatsa.

Tsiku lojambula kunabwera amuna makumi anayi (azimayi anati aone kaye ngati amuna awo atuluke bwino). Oyamba anali amalume, atavala jekete la mizeremizere, kofia yoyera ndi magalasi akuda ogula ku Nayuchi. Anakweza chibwano n'kuuma ngati chitsa. Nditawajambula anadzuka, kuvula zonse zija, n'kupatsa wotsatira.

"Iyayi, amalume," ndinatero. "Ndikufuna aliyense monga alili."

"Monga alili? Iwe ukufuna azungu akanene kuti ku Ngokwe kuli umphawi? Mawu amenewo ukawayankha wekha ku boma."

Ndinadzitonthoza kuti kompyuta imayang'ana nkhope, osati zovala. Tsono jekete linayamba ulendo. Wamfupi manja anamira, wonenepa mabatani anakana, koma aliyense analivala, kofia kumutu, magalasi kumaso, chibwano m'mwamba. Mmodzi anayerekeza kumwetulira, amalume anamukalipira kuti pachithunzi sasekapo. Kafilimu kotsala ndinakamalizira mawa lake pa amalume omwewo, ali m'munda mwawo ndi malaya ong'ambika, iwo osadziwa.

Zithunzi ndinakatsukitsa ku Balaka. Mwini situdiyo pondipatsa anapukusa mutu. "Achimwene, bambowa mumawakonda zedi. Mafilimu asanu onse munthu mmodzi?"

Ndinamuseka. Mumtima ndinati kusaphunzira n'kovuta.

Nditabwerera kusukulu ndinazilowetsa m'kompyuta. Makina a nthawi imeneyo anali ofooka, moti chithunzi chilichonse ndinkachichepetsa mpaka kufanana ndi sitampa. Kompyuta yakenso inali imodzi, yolandirana, ndipo kuphunzira kokha inkatenga masiku. Mpata woyesa nditaupeza, ndinayesa ndi zithunzi zimene zinali pamwamba, za amalume. Katatu konse inakhoza. Ndinalembera kalata mayi anga kuti ayambe kufuna mbuzi ya phwando.

Tsiku la mayeso aphunzitsi atatu anakhala kutsogolo, zolembera m'manja. Ndinaika chithunzi cha amalume m'jekete, kompyuta inalemba: Bwanali. Aphunzitsi anagwedeza mitu movomereza. Ndinaika cha wamfupi uja. Bwanali. Ndinati mwina yapunthwa chabe, ndinaika cha wonenepa. Bwanali. Shehe wa kumzikiti kwathu, Bwanali. Katekisiti wa Akatolika, nayenso Bwanali.

Kuti ndipulumutse kangachepe, ndinasolola chithunzi cha kumunda chija. "Awa ndiye eni ake dzinali," ndinatero. Kompyuta inaganiza nthawi yaitali, kenako inayankha kuti munthu ameneyu sikumudziwa.

Mphunzitsi wamkulu, mayi wodekha kwambiri, anavula magalasi ake. "Mwapanga makina abwino ozindikira jekete," anatero. "Chaka chamawa mudzatipangire a nkhope."

Manyazi ake sindidzawaiwala. Chimene ndinatolapo n'chakuti makina amaphunzira zimene wawaonetsa, osati zimene unkaganiza m'mutu mwako. Tchuthi chotsatira ndinakagwada kwa amalume, kuwafotokozera tsoka lonse, n'kupempha kuti tijambulenso popanda jekete. Anamvetsera mwachifatse, akusisita ndevu.

"Ndiye ukuti anthu onse aja, makinawo anagwira dzina langa lokha?"

"Eya, amalume. Ndi vuto lakelo."

"Vuto? Iwe, makina amenewo amadziwa tcheyamani. Usawakhudze."