Bokosi Lokana Kutuluka Pakhomo

Kalipentala wa mumsewu wathu, amene tinkawatcha a Chimodzimodzi, anafa akukhulupirira kuti chilengedwe chonsechi, ndi nyenyezi zake zomwe, n'chofanana ndendende mulitali, mulifupi ndi kupita m'mwamba.

"Mulungu alibe tsankho," ankatero, pensulo ili pakhutu. "Angakondere bwanji mbali imodzi?"

Ine, telala woyandikana nawo, ndinkangoseka. Koma alandilodi athu ankapsa mtima zenizeni. "Munakafikako inu kumalekezeroko ndi katepi kanuko? Kumwamba n'kutali kuposa m'mbalimu!" Ankakangana mpaka misempha ya m'khosi kuonekera.

Choipa n'chakuti chikhulupirirocho ankalowa nacho m'ntchito. Ukaoda benchi, unkalandira chibokosi. Tebulo langa lodulirapo nsalu limandilekeza m'chifuwa, moti mpaka lero ndimadula nditaponda panjerwa.

Matenda atawapanikiza, anadzikhomera okha bokosi la maliro m'shopu mwawomo, lofanana mbali zonse, lalikulu ngati kachipinda. Kenako analumbiritsa akazi awo kuti adzawaike m'menemo basi.

Tsiku la maliro tinapita kukalitenga, thupi likudikira kunyumba. Titafika nalo pakhomo, linakana.

"Ligonekeni cham'mbali!" wina anakuwa.

Tinaligoneka, linakana. Tinaliimika, linakananso. Kabati wamba umangomupendeketsa n'kudutsa naye, koma ili, kulikonse tikalitembenuzira, linali lomwelo. Thukuta linali kamukamu, mvula ikugunda chapatali, dalaivala wa lole akuliza hutala. Achimwene awo a malemu anatopa nazo.

"Alamu, tikagule lina. Dzuwa lapita ili."

Mayi wamasiyeyo anakakamira bokosilo ndi manja onse awiri. "Ndinalumbira, alamu. Akapanda kulowa umu, inenso pano sindichoka."

"Nanga tikanagumula khoma?" ndinatero chapansipansi.

Onse anacheukira alandilodi, munthu woti ankalusa ukangokhoma kamsomali kopachikapo kalendala. Iwo anakankha anthu n'kulowa m'shopumo, ndipo anatuluka ndi chihamala. Ndinaopa kwambiri, ndinkaganiza kuti akufuna kuphwanya bokosilo. Mayi aja anayamba kulira mokweza.

Koma m'dzanja linalo munali tepi ya malemu. Anayeza khoma m'mbali, anayezanso m'mwamba, n'kujambula ndi pensulo.

"Mofanana," anatero. "Koma wina asakawauze kuti ndavomera."

Njerwa yoyamba anaigwetsa okha, ndipo a Chimodzimodzi anapita m'bokosi lawo mvula isanagwe.

Chibowocho alandilodi anangochitseka ndi malata, mmisiri womanga sanamuitane. Mumsewu muno muli zii masiku ano, ndipo a Chimodzimodzi ndikuwasowa kwabasi. Masana alandilodi amabwera kudzakhala pafupi ndi malatawo, maso ali kuthambo.

"Kumwambaku n'kutali ndithu," amatero mokweza.

Akatero amadikira pang'ono, koma palibe wowatsutsa.