Mpongozi wanga wa ku Japan

Lemba, Wanangwa, ndipo usachotse kanthu. Nkhaniyi ndi yochititsa manyazi, koma bola ndiinene ndekha, chifukwa NyaPhiri akamainena amachulutsa mchere.

Ine ndine NyaManda wa pa Kande. Sukulu sindinapondeko, koma ndachapa zovala za alendo pa loji mpaka zala kupindika, moti mzungu ndimamudziwira ku sokosi zake. Za anthu akunja palibe angandiphunzitse. Ndi mmene ndinkadzitamira.

Chaka china kunabwera mayi wina wa ku Japan, dzina lake Tomoko, ife tinkangoti NyaJapani. Anachita lendi kachipinda kakuseri kwanga, ati wabwera kudzapuma, ntchito inamupweteka msana. Tsiku lonse ali pakhonde, pensulo m'manja. Anajambula bwato, anajambula mbuzi, anandijambula ine. Maso ngati mbale, mphuno kadontho, pakamwa kamzere. Ndinati ooh, kwawoko anthu amawajambula chonchi. Ndipo ndinakongola, zimenezo ulembe.

M'buku lakelo munali mtsikana mmodzi wosasowa tsamba lililonse. Apa akutumbula nsomba, apa akusesa, apa akupereka tiyi kwa nkhalamba ndi manja awiri.

"Uyu ndani?" ndinafunsa.

"Sayo," anatero NyaJapani ndi Chichewa chake chodukaduka. "Zaka twenty-two. Amathandiza agogo ake kugulitsa nsomba. Amadzuka five koloko."

"Wokwatiwa?"

Anaseka atagwira pakamwa. "Ayi! Sayo akakwatiwa, anthu akwiya."

Ndinati inde, mwana wolimbikira abale amamuumira. Si mmene zimakhalira?

Tsono ine ndinali ndi minga iwiri m'phazi. Woyamba ndi mdzukulu wanga Wanangwa, yemwe akulembayu, barman wa pa loji: zaka thirty-two, ndevu zonse, mkazi zii! Wachiwiri ndi NyaPhiri, mnzanga wa ku Umanyano, gulu lathu la amayi a mpingo. Mwana wake anakwatira Mjeremani, ndiye Lachinayi lililonse timamva za sola, za mpongozi, za sola kachiwiri.

Ndinayamba ntchito mwakachetechete, monga achitira akuluakulu. Mnyamata sauzidwa nkhani isanapse. Ndinagula chitenje chabwino pa Chintheche, ndinawonjezera usipa wouma, ndikupereka kwa NyaJapani.

"Za Sayo," ndinatero.

Anawerama katatu, misozi m'maso. M'mawa mwake akundionetsa buku: Sayo wavala chitenje changa chomwecho, usipa uli m'manja, akumwetulira!

Basi, mbeta yalola!

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi sindinathe kudzigwira. "NyaPhiri, Mjeremani wako amadziwa kutumbula nsomba?"

"Amagwira ntchito mu ofesi."

"Pepa. Wanga wa ku Japan amadzuka five koloko. Mubwere nonse Lachinayi mudzaonane ndi mayi ake, NyaJapani."

Lachinayi masana ndinali kuseri, ndikuvuula chinangwa cha kondowole m'beseni. Amene anavuulapo akudziwa fungo la madzi ake, ngakhale galu amalambalala. Ndikungoona Wanangwa akubwera ndi chimzungu cha pa thiraki ya alendo, chofiira ngati nkhanu, malaya ake ojambulidwa munthu wonyamula lupanga lalitali kuposa nkhafi. Kufika pakhonde, chinawerama kwa NyaJapani mpaka chipewa kugwa. Kenako chikutsegula buku, chala pa Sayo!

Ndinati ehee, wina wanunkhiza. Ndinanyamula beseni langa n'kukakhala pafupi.

"Wanangwa, masulira. Liwu lililonse."

"Agogo, ndi nkhani za ma cartoon izi."

"Makatoni ndawafunsa ine? Kaya anyamula katundu wochuluka bwanji, ife tinafika kale. Masulira!"

Anakweza mapewa. "Akuti dzina lake ndi Brad, ndipo zinthu za ku Japan anayamba kuzikonda ali mwana. Akuti Sayo amamudziwa."

"Amamudziwira kuti?"

"Akuti ndi wokongola, koma ndi boring. Sachita kanthu. Kutsuka nsomba, kuphika supu, kuyang'ana mvula, basi."

"Ndiye akufuna azichita chiyani, azikwera mitengo?"

"Akuti kwawo anthu amafuna fight. Amupatse lupanga. Adule tsitsi, avale zachikopa, azidumpha pamadenga."

NyaJapani anayankha mofatsa, akumwetulira, ine ndikumukoka Wanangwa malaya.

"Akuti ku Japan anthu amaweruka kuntchito atatheratu. Safuna phokoso. Amafuna kukhala pansi n'kumaonerera Sayo akuphika, mtima uzitsika. Akuti za malupanga amapanganso, koma azungu amangotola zomwezo n'kumaganiza kuti ndi zokhazo."

"Amamuonerera ndani?"

"Anthu ambirimbiri, agogo. Azibambo a m'maofesi makamaka. Sabata iliyonse. Ena amagula makapu okhala ndi nkhope yake."

Ada Chiuta! Mpongozi wanga, azibambo a eni ake kumusuzumira akuphika, mayi ake n'kumanena akuseka! Ndinati chabwino, akabwera kuno tidzamumangira khitchini ya zitseko.

Nthawi yomweyo amayi a Umanyano anatulukira pa mpanda, mayunifolomu oyera mbee, NyaPhiri patsogolo. Mzungu sanawaone n'komwe. Anali atatentha, manja m'mwamba, akudula mphepo.

"Akuti chiyani tsopano?"

"Akuti vuto ndi agogo ake aja. Nkhalamba imeneyo ikungochedwetsa zinthu. Iphedwe."

"Iphedwe?"

"Akuti aiphe koyambirira, magazi aoneke, shopu ya nsomba ipse, kuti Sayo akwiye ayambe kubwezera. Akuti akatero azungu onse amukonda."

"Nanga mayi akewo akuti bwanji?"

"Akuti aganizira, koma mabwana awo sangalole."

Aganizira! Ine nkhalamba ndili pompo, anthu akupangana zopha nkhalamba inzanga masanasana, pakhonde panga, pamaso pa amayi a mpingo!

Sindikudziwa mmene ndinaimirira. Ndinangoona beseni lili m'mwamba. Khwaa! Madzi onse a chinangwa pamutu pa Brad, zidutswa zikutsetsereka pa lupanga la pamalaya.

"No kill!" ndinakuwa Chingerezi changa chonse. "No kill gogo! Sayo is for Wanangwa! Finish!"

Ntchentche zokha ndi zimene zinasangalala.

"Agogo," anatero Wanangwa, "mwati Sayo ndi wa ndani?"

"Wako, chitsiru iwe! Chitenje analandira kale. Ukanamutaya lero ukuyang'ana!"

Mwana ameneyu anakhala pansi m'dothi. Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anatulutsa foni, n'kundiikira kumaso. Sayo uja akuyenda! Akuyankhula ndi timawu ngati mwanapiye! Pambali pake mphaka wovala epuloni akumuthandiza kuwerenga nsomba.

"Ndi katuni, agogo. Zidole za pa TV. Kulibe munthu woteroyo. Amayiwa ntchito yawo ndi kumujambula."

"Nanga ine si anandijambula? Ine kulibe?"

"Inu mulipo, agogo. Fungoli likuchitira umboni."

NyaJapani anagwada patsogolo panga, sorry, sorry, sorry, nkhope yofiira. Ati ankaganiza kuti ndine fan wamkulu wa Sayo mu Africa yense, chifukwa kwawonso okonda zidolezi amazitumizira mphatso. Ndiye kuti amisala tilipo mayiko awiri.

NyaPhiri anayandikira pang'onopang'ono, manja kumbuyo ngati mlaliki, n'kusuzumira pafoni.

"Mama NyaManda, mwasankha bwino. Maso ake aakuludi, sadzaphonya mwala mu mpunga. Nanga malowolo tipereka ng'ombe zenizeni, kapena Wanangwa angojambula?"

Amayi khumi ndi awiri a mpingo, mayunifolomu oyera, kugwirana mapewa kuti asagwe!

Ndinatembenukira kwa mzungu kuti ndipepese, poti ndinaleredwa. Ndinamupeza akuseka, madzi akuchucha m'ndevu, akundiloza ndi manja onse awiri.

"Akuti chiyaninso?"

"Akuti izi ndiye zimene wakhala akunena! Action! Akuti amayiwa akujambuleni inuyo, nkhalamba yolusa ya beseni, kwawo mungatchuke kuposa Sayo."

NyaJapani anapukusa mutu. Ati ayi, akandijambula, adzandijambula ndikusenda chinangwa phee pansi pa mango, chifukwa kwawo ndi zimene angakonde. Anayambiranso kukangana pomwepo, wina akufuna ndizimenya, wina akufuna ndizisenda, mwini wake ndili chiimire ndi beseni lopanda kanthu, osandifunsa.

Malaya a Brad ndinachapa ndekha katatu. Fungo linapita naye ku Tanzania.

NyaJapani pochoka anandisiyira chithunzi cha Sayo atavala chitenje chija. Chili pakhoma, pafupi ndi kalendala ya mpingo. Wanangwa mpaka lero sanakwatire. Mjeremani wa NyaPhiri anabwera pa Khirisimasi, anakana kondowole, n'kumuuza mpongozi wake kuti amalankhula kwambiri. Wanga zaka zonsezi sanandiyankhepo mwano ngakhale kamodzi.

Lemba pomaliza kuti: usanapereke chitenje, yamba waona ngati mkwatibwi ali ndi kumsana.